Kusankha siteshoni ya zanyengo yapakhomo yotsika mtengo yomwe ingalumikizanedi ndi kompyuta

Anthu ambiri akaona mawu akuti Wi-Fi pakatoni ya siteshoni ya zanyengo amayesa kuti nkhani ya kompyuta yatha. Akamaliza kukhoma zonse pamtunda m'pamene amazindikira kuti manambala akupita ku seva ya kampani yopanga, iwo akungowasuzumira pafoni, ndipo palibe khomo lowatengera pakompyuta yawo. Ena amagula ya chingwe cha USB, n'kupeza kuti pulogalamu yake ndi ya Windows yokha pomwe iwo ali ndi Mac kapena Linux. Kuti izi zisakuchitikireni, yambirani kumapeto: dziwani kaye njira yomwe manambala adzadutse kufika pakompyuta yanu, za masensa, tizipangizo toyezera nyengo, zibwere pambuyo.

## Zofunika kukhala nazo

Musanagule:

- tepi yoyezera mtunda kuchokera pomwe padzakhale masensa kufika m'chipinda cha kompyuta
- dzina la dongosolo lomwe kompyuta yanu imayendera: Windows, macOS kapena Linux
- pasiwedi yolowera m'makonzedwe a router yanu
- buku la malangizo la siteshoni yomwe mwaiika m'maso. Makampani ambiri amaliika pa intaneti, ndipo limanena zoona kuposa katoni

Ikafika:

- paipi yachitsulo yolimba, ya mamilimita 25 mpaka 50 m'mimba mwake
- levulo, kampasi ndi sipanala
- mabatire a AA a lithium
- sirinji yopanda singano kapena kapu yoyezera mamililita
- botolo lapulasitiki, mchere wamba ndi chidebe chokhala ndi chivundikiro chotseka bwino

## Gawo 1: Lembani zomwe mukufunadi kuyeza

Zofunika ndi zisanu: kutentha, chinyezi cha mumpweya, mvula, mphepo (liwiro lake ndi komwe ikuchokera) ndi kulemera kwa mpweya. Masensa a UV (cheza cha dzuwa chowotcha khungu), a mphezi, a chinyontho cha m'nthaka ndi a fumbi la mumpweya ndi owonjezera. Ngati ndalama ndi zochepa asiyeni, koma sankhani siteshoni yolola kuwonjezera masensa mtsogolo.

Sikirini yamitundumitundu ndi imodzi mwa zinthu zomwe zimakweza mtengo. Ngati muziona zonse pakompyuta, simukuifuna.

## Gawo 2: Sankhani njira yolumikizira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Masensa akunja salankhula ndi kompyuta mwachindunji. Amatumiza manambala pawailesi ku kabokosi kam'nyumba, kamene kamatchedwa console ngati kali ndi sikirini, kapena gateway ngati kalibe. Njira zofikitsira manambala pakompyuta zilipo zinayi: zitatu zimadutsa pa kabokosiko, yachinayi imakalambalala.

Chingwe cha USB. Iyi ndi njira ya masiteshoni akale a Fine Offset monga WH1080, omwe amagulitsidwa ndi mayina ambiri osiyanasiyana, komanso ma console ena a AcuRite. Ubwino wake, safuna intaneti ngakhale pang'ono. Vuto lake, console iyenera kukhala pafupi ndi kompyuta, ndipo WH1080 ndi abale ake amadziwika ndi matenda amodzi: USB imangouma mwadzidzidzi, kompyuta n'kusiya kulandira kalikonse mpaka mutachotsa mabatire ndi chingwe n'kubwezeretsanso. Ngati simukhala panyumba nthawi zambiri, ganizirani kawiri.

Wi-Fi kapena Ethernet yolankhula ndi kompyuta m'nyumba momwemo. Kwa munthu wofuna zotsika mtengo, iyi ndiyo njira yabwino masiku ano. Ma gateway a Ecowitt monga GW1100 ndi GW2000 amayankha kompyuta ikawafunsa manambala kudzera pa router yanu, intaneti ilipo kapena ayi. GW2000 ili ndi polowetsa chingwe cha Ethernet, chomwe chimachotsa mavuto onse a Wi-Fi yodukaduka. WeatherLink Live ya Davis imachitanso chimodzimodzi, kungoti mtengo wa Davis uli pamwamba ndithu. Tempest ya WeatherFlow imamwaza manambala ake m'nyumba kudzera m'njira ya netiweki yotchedwa UDP, pa port 50222, ndipo pulogalamu iliyonse yodziwa kumvetsera imawatola.

M'buku la malangizo fufuzani mawu awa: local API, kapena customized server. Oyambawo akutanthauza kuti kompyuta ingafunse yokha. Achiwiriwo akutanthauza kuti mungalembe adiresi ya kompyuta yanu mu console, iyo n'kumatumiza manambala kumeneko pakapita masekondi omwe mwasankha. Chimodzi mwa ziwirizi chikakhalapo, mwapeza.

Wi-Fi yopita ku seva ya kampani basi. Netatmo ili m'gulu limeneli. Manambala mumawatenga pa intaneti kudzera mu akaunti yanu. Zimagwira ntchito, koma intaneti ikaduka kompyuta yanu siona kanthu ngakhale siteshoni ili pakhonde pomwepo, ndipo kampani ikasintha malamulo kapena kutseka seva mulibe ponena.

Kutola wailesi ya masensa nokha. Kachipangizo ka RTL-SDR kolowetsa pa USB, pamodzi ndi pulogalamu yaulere ya rtl_433, kamamva masensa ambiri otsika mtengo popanda console. Ndi njira yokoma kwa wozolowera Linux. Kwa woyamba kumene, ayi.

Chenjezo: masiteshoni ambiri otsika mtengo amalowa pa Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha. Onani ngati router yanu ili nayo ndipo ndi yoyatsidwa.

## Gawo 3: Sankhani pulogalamu musanalipire

Tsegulani mndandanda wa masiteshoni omwe pulogalamu imawadziwa, mupeze nambala yeniyeni ya siteshoni yanu mmenemo. Dzina la kampani lokha silikwanira, chifukwa kampani imodzi imapanga ina yolumikizika ndi ina yosalumikizika.

Cumulus MX ndi yaulere, imayenda pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo mumaiona pa browser polemba adiresi ya kompyuta ndi port 8998. Ndiyo yosavuta kuyamba nayo. WeeWX nayonso ndi yaulere, inalembedwa mu Python, imakonda Linux, ndipo imasunga zonse mu database ya SQLite. Imafuna munthu wosaopa kukonza fayilo ya weewx.conf ndi manja. Imabwera ikudziwa kale Davis Vantage, Fine Offset za USB ndi AcuRite, koma ma gateway a Ecowitt amafuna kuti muike driver yapadera, kapulogalamu kowonjezera kolankhula nawo. Weather Display ndi yogula. Ngati panyumba muli kale ndi Home Assistant, imalandira manambala a Ecowitt mwachindunji.

Dziwaninso kuti masiteshoni ambiri a mayina osiyana amachokera ku fakitale imodzi. WS-2902 ya Ambient Weather, ambiri a Froggit ndi a Misol, onsewa ndi opangidwa ndi Fine Offset, yomwenso imapanga zida za Ecowitt. Maonekedwe amafanana, koma pulogalamu yam'kati imasiyana, ndiye musaganize kuti zomwe imachita ina nayo inzake izichita.

## Gawo 4: Funsani kuti kompyuta ikazima manambala amapita kuti

Funso ili ambiri amalikumbukira atataya kale mvula ya usiku wonse. WH1080 imasunga mizere 4080 m'kati mwake: mukaiuza kuti izilemba mphindi 5 zilizonse ndi masiku 14, mphindi 30 zilizonse ndi masiku 85. Logger ya WeatherLink ya Davis, kachipangizo kosunga manambala, imasunga mizere 2560, pafupifupi masiku 9 pa mphindi 5. Kompyuta ikayakanso, pulogalamu imakoka zonse zomwe inaphonya.

GW1100 ndi GW2000 sizisunga mbiri. Kompyuta ikazima, chokhacho chotsala ndi chomwe chinapita ku seva ya Ecowitt ngati intaneti inalipo. Cumulus MX imatha kukatenga kumeneko n'kukwirira mpata. Ma console ena, monga HP2551, ali ndi polowetsa kakhadi ka microSD.

Njira yodalirika ndi kupatsa siteshoni kompyuta yakeyake yosazima. Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja, imadya mawati ochepa kwambiri ndipo imayendetsa Cumulus MX kapena WeeWX bwinobwino. Ikani Raspberry Pi, router ndi gateway pa UPS imodzi, bokosi la batire lopereka magetsi akazima. Raspberry Pi 4 ndi zam'mbuyo mwake zilibe wotchi ya batire, choncho zikayaka popanda intaneti zimalemba nthawi yolakwika mu database. Kachipangizo ka wotchi ya batire kotchedwa RTC kamathetsa zimenezi.

## Gawo 5: Onani frequency ndi mtunda

Masensa amatumiza pa frequency, kapena kuti nambala ya wailesi, ya 433, 868 kapena 915 MHz. Ya 868 ndi yogulitsidwa ku Europe, ya 915 ku North America, ya 433 m'maiko ambiri ena. Gulani yololedwa m'dziko lomwe mukukhala, ndipo lembani nambalayo penapake. Sensa ya 915 sidzamvana ndi gateway ya 433 ngakhale zonse zili za kampani imodzi, ndipo palibe batani losinthira.

Mamita 100 olembedwa pakatoni ndi a pabwalo lopanda chotchinga. Khoma lililonse la njerwa kapena konkire limadula mtundawo kwambiri, ndipo denga lachitsulo limatha kuutseka wonse. Ngati tepi yanu yapeza mamita opitirira 30 ndipo pakati pali makoma awiri kapena atatu, konzekerani kuika gateway pawindo loyang'ana masensa. Apa gateway ya Wi-Fi imaposa USB, popeza mungaiike paliponse pomwe pali magetsi. Davis amalonjeza mamita 300, ndipo ndi chimodzi mwa zomwe munthu amalipirira mtengo wake.

## Gawo 6: Masensa ophatikiza kapena olekana

Masiteshoni otsika mtengo ambiri amaika zonse pamutu umodzi. N'zosavuta kukhoma, koma masensawo safuna malo ofanana. Malinga ndi muyezo wa World Meteorological Organization, kutentha kumayezedwa pa mamita 1.25 mpaka 2 pamwamba pa udzu waufupi, pomwe mphepo imayezedwa pa mamita 10, kutali ndi nyumba kapena mtengo kakhumi kutalika kwake. Choyezera mvula chimafuna kukhala pansi, potalikira chotchinga chilichonse kawiri kutalika kwake kapena kuposa, ndiponso pomwe dzanja lanu lingafike pochitsuka.

Mutu umodzi sungakwaniritse zonsezi. Mukaukweza padenga, mphepo imayezedwa bwino koma kutentha kwa denga kumalowa mu thermometer, ndipo kutsuka kumafuna makwerero. Mukautsitsa, mphepo imaoneka yochepa kuposa mmene ilili. Ngati mvula ndi kutentha ndizo zofunika kwa inu, ikani mutuwo pa mamita 2 pabwalo n'kuvomereza za mphepo. Ngati mukufuna zonse zolondola, gulani gateway ndi masensa olekana pang'onopang'ono: choyamba cha kutentha ndi cha mvula, cha mphepo chibwere ndalama zikapezeka.

## Gawo 7: Werengani manambala a m'buku

Pa mvula, sankhani choyezera cha kachidebe kopendekeka. Madzi amalowa pa fanelo, kudzaza kachidebe, kachidebeko n'kugwa n'kuwerengedwa kamodzi. Onani kuti kugwa kumodzi ndi mamilimita angati: WH1080 ndi 0.3, masiteshoni ambiri ophatikiza ndi 0.254, Davis ndi 0.2. Fanelo yaikulu ndi yakuya ndiyo yabwino, chifukwa yosaya imalola madontho kudumphira kunja mvula ikakhala yamphamvu. Masiteshoni monga WS90 ya Ecowitt ndi Tempest amayeza mvula pomva kugunda kwa madontho pamwamba pake. Alibe chotsekeka, komabe paipi ikamanjenjemera ndi mphepo amatha kuwerenga mvula kuli gwa. Amene mvula ndiyo chifukwa chogulira siteshoni asadalire mtundu umenewu wokha.

Pa mphepo, onani kuti masensa amatumiza pakapita masekondi angati. WH1080 ndi 48, mitu ina yatsopano ya Fine Offset ndi 16, Davis ndi 2.5. Kuomba kwamphamvu kwa mphepo kumabwera ndi kutha m'masekondi ochepa, ndiye yotumiza pafupipafupi imakuonetsani bwino zomwe zikuchitika kunja.

Pa kutentha, zotsika mtengo zimalonjeza kulondola kwa digiri 1 uku ndi uku, chinyezi 5 peresenti. Zimenezo n'zokwanira pakhomo. Chomwe chimalakwitsa kwambiri si sensa ayi koma chotchingira dzuwa, timbale toyera tosanjikizana tija. Tikakhala tochepa ndi topyapyala, masana opanda mphepo thermometer imakwera madigiri angapo kuposa mpweya weniweni. Yang'anani chithunzi: timbale tambiri, totakata, n'tabwino.

Pomaliza onani ngati timakapu ta mphepo, sensa ya chinyezi ndi fanelo zimagulitsidwa pazokha. Sensa ya chinyezi ndi mabeyaringi a timakapu ndizo zimayamba kutha, ndipo siteshoni yopanda zosinthira imatayidwa yonse chifukwa cha kachinthu kamodzi.

## Gawo 8: Yesani zonse patebulo musanakwere makwerero

1. Ikani mabatire m'masensa ndi kuyatsa console motsatira ndondomeko ya m'buku, zonse zili m'chipinda chimodzi, motalikirana mamita 2 kapena 3. Dikirani mpaka manambala onse aoneke.
2. Lumikizani ku router. Ma gateway a Ecowitt amayamba ndi kutulutsa Wi-Fi yawoyawo. Lowani mmenemo ndi foni, tsegulani 192.168.4.1, sankhani Wi-Fi yanu. Zikakana, zimitsani kaye 5 GHz pa router ndi data ya pafoni.
3. M'makonzedwe a router, ipatseni gateway adiresi ya IP yosasintha. Mukapanda kutero, tsiku lina router idzaipatsa ina ndipo pulogalamu idzasowa poipeza.
4. Ikani pulogalamu, muone kuti manambala akusintha pakompyuta. Kenako zulani chingwe cha intaneti pa router. Akapitirira kubwera, ndiye kuti siteshoni ikulankhuladi ndi kompyuta yanu. Akaima, bwezani katundu nthawi yobweza isanathe.
5. Siyani sensa yakunja ndi yam'nyumba pamodzi kwa maola 3 pamthunzi. Zisasiyane kuposa digiri 1.
6. Yesani mvula. Pezani kukula kwa kamwa la fanelo m'masentimita a sikweya. Nambala imeneyo, m'mamililita, ndi madzi oyenera kuonetsa mamilimita 10. Fanelo yozungulira ya masentimita 11 m'mimba ili ndi masentimita a sikweya 95, choncho mamililita 95 aonetse mamilimita 10. Ya masentimita 16 ikufuna mamililita 201. Thirani madziwo m'botolo loboola ndi singano kuti azidontha kwa mphindi 20 kapena kuposa. Mukakhuthula kamodzi, madzi ambiri amadutsa kachidebe kali m'kati mogwa ndipo nambala imatuluka yochepa. Mudzaimba mlandu chipangizo chabwinobwino.
7. Yesani chinyezi. Nyowetsani mchere m'kapu mpaka ukhale ngati mchenga wonyowa, osasungunuka, muuike m'chidebe pamodzi ndi sensa, mutseke kwa maola 12. Iyenera kuonetsa pafupifupi 75 peresenti. Kusiyana kwake kulembeni m'gawo la calibration, lowongolera manambala m'makonzedwe a siteshoni.
8. Fufutani mvula yonse yoyeserayi musanayambe kusunga mbiri kapena kulembetsa ku Weather Underground kapena CWOP, malo a pa intaneti olandira manambala a masiteshoni apakhomo.

## Gawo 9: Khomani ndi kukonza zomaliza

Paipi ikhale yosagwedera. Ikagwedezeka, kachidebe kamagwa kokha. Mangani mabawuti pang'onopang'ono uku mukuyang'ana levulo. Masiteshoni ambiri ali ndi kathovu kake pamwamba. Choyezera mvula chopendekeka chimadzaza mbali imodzi msanga kuposa inzake ndipo nambala imasokonekera.

Lozetsani chilembo N kumpoto. Kampasi imaloza kumpoto kwa maginito, ndiye onjezani kapena chotsani kusiyana kwa dera lanu, ndipo musaiyandikize paipi yachitsulo. Masiteshoni ambiri anapangidwa kuti N ikaloza kumpoto, sola iyang'ane kummwera. Ngati muli kummwera kwa equator, tembenuzani mutu wonse kuti sola iyang'ane kumpoto, kenako lembani madigiri 180 pa wind direction offset, gawo la m'makonzedwe lowongolera komwe mphepo ikuchokera.

Barometer, yoyezera kulemera kwa mpweya, nthawi zambiri imakhala mu console kapena gateway, osati kunja. Imaonetsa manambala awiri: absolute, kulemera kwa mpweya pomwe muli, ndi relative, kowerengedwa ngati muli pamtunda wofanana ndi nyanja yamchere. Kulemeraku kumatsika pafupifupi 1 hPa pa mamita 8 aliwonse okwera, kotero kuti pa mamita 1000 absolute imakhala cha m'ma 900 hPa. Sikuti yawonongeka. Tengani nambala ya kulemera kwa mpweya yotchedwa QNH mu METAR, lipoti la zanyengo la bwalo la ndege lapafupi, tsiku lopanda mphepo yambiri, musinthe relative kuti ifanane nayo. Absolute musaikhudze.

Malizani ndi kusankha time zone, mayuniti (°C, mm, hPa, km/h kapena m/s) ndi ola lomwe tsiku la mvula liziyambira. Cumulus MX imalola pakati pa usiku kapena 9 koloko m'mawa. Sankhani kamodzi, kusintha mayuniti mbiri itayamba kale kumasakaniza manambala.

## Zolakwika zomwe zimachitikachitika

Kuika mabatire otchaja a NiMH. Amapereka mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5, ndipo masensa ambiri amayamba kudukiza. Sola ya pamutu nthawi zambiri imatchaja supercapacitor, kachipangizo kam'kati kosunga magetsi, osati mabatirewo. A alkaline amafooka kukazizira kwambiri ndipo akakhalitsa amadontha n'kudya tizitsulo ta m'kabokosi. Ikani a lithium, muwasinthe chaka ndi chaka kapena console ikangochenjeza.

Kusiya kompyuta kuti izigona yokha. Zimitsani sleep, ndipo pa Windows zimitsaninso USB selective suspend. Mipata ya usiku m'magirafu kawirikawiri imachokera apa.

Kuyendetsa mapulogalamu awiri pa USB imodzi. EasyWeather, yomwe imabwera ndi Fine Offset, ikamayenda pamodzi ndi Cumulus zimalimbirana console ndipo manambala amatuluka opotoka. Tsekani imodzi, ndipo onani kuti siikudziyatsa yokha kompyuta ikamayaka.

Kugundanitsa console ndi kompyuta kapena router. Zida zimenezi zimasokoneza wailesi ya masensa. Talikitsani mita 1 kapena 2.

Kuiwala kutsuka. Mvula ikugwa koma pakompyuta pali 0.0: pafupifupi nthawi zonse ndi tsamba, zitosi za mbalame kapena ulusi wa kangaude womwe wamanga kachidebe. Tsegulani fanelo miyezi 2 kapena 3 iliyonse, tsukani ndi madzi ndi nsalu yofewa, ndipo samalani kuti kugwedeza kwanu kusalembedwe ngati mvula. Timakapu tikamazungulira mouma, pukutani fumbi. Musathire mafuta olemera, amakoka fumbi lina.

Kukweza paipi yachitsulo pamwamba pa denga osaganizira mphezi. Paipi yoteroyo ilumikizidwe ku nthaka ndi munthu wodziwa zamagetsi.

Kusakopera database kwina. Kakhadi ka microSD ka mu Raspberry Pi kamalembedwa usana ndi usiku ndipo kamafa mosachenjeza, makamaka magetsi akamazima mwadzidzidzi. Koperani fayilo ya weewx.sdb, kapena foda ya data ya Cumulus MX, pa flash kapena pakompyuta ina sabata iliyonse, ndipo kamodzi yesani kuibwezeretsa kuti mutsimikize kuti ikutseguka.